Kalenzi ka Che Amidu

M'chaka cha njala ija ndinataya njinga, wailesi, mbuzi zimene mayi anga anandipatsa pokwatira, nsapato za pa ukwati, ndi mkazi wanga Asiyatu. Zoyambazo ndinagulitsa ndekha, kusinthanitsa ndi gaga.

Mwezi wathawu, njala ina itayambanso kulowa m'midzi, ndataya bambo ake a Asiyatu, Che Amidu. Ndakhala nawo pakhomo limodzi, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kuyambira pamene ndinalowa ukamwini. Za Asiyatu sindinathebe kulemba. Ndilemba za bambo ake, ndipo iye alowamo chifukwa palibe njira ina.

Che Amidu anali wojambula zithunzi. Situdiyo analibe. Ntchito yawo inali mu sitima ya pakati pa Balaka ndi Nayuchi, ndi m'misika imene sitimayo imadutsa. Ankajambula amayi ogulitsa matemba, asodzi atangogula ukonde watsopano, anyamata obwera ku Mozambiki ndi njinga zonyezimira, makanda, akwati, ndi aliyense amene wavala chovala chomwe sakufuna kuti chiiwalike. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Zomba kukatsukitsa, ndipo ulendo wotsatira ankayenda m'mabogi a sitima ndi envulopu, akuitana anthu ndi mayina awo. Dzina la munthu amene anamujambula sankaliiwala. Lawo lenileni ndi limene linaiwalika. Kuyambira ku Liwonde mpaka kumalire anthu ankangoti Che Imanipompo, chifukwa mawu amenewo ndi omwe ankakuwa asanadine kamera.

Ine kwathu ndi kwa Nsamala. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanjayi, ndipo munthu woyamba kundilankhula mu sitima anali iwo. Anandifunsa dzina, kwathu, ndi chimene chinali m'sutikesi. Kenaka anatulutsa kamera m'thumba la jekete, ngati munthu akutulutsa fodya.

"Aphunzitsi, tayi ameneyu sadzaoneka chonchi mukakhala kuno mwezi umodzi. Tiyeni timusunge."

Ndinakana, ndinati ndilibe ndalama. Iwo anati nawonso sanajambule, angofunsa. Patapita chaka ndinakwatira mwana wawo, ndipo mpaka imfa yawo sananditchulepo dzina lina koma aphunzitsi.

Kutsogolo kwa kamera kumakhala galasi limene ojambula amalitcha lenzi. Limamasuka, ndipo munthu amatha kuchotsa lina n'kumangapo lina. Pali malenzi aatali, oyandikizitsa zinthu zakutali, ndipo pali aafupi, oonetsa malo aakulu munthu ali pafupi. Che Amidu anali ndi kamodzi kokha, kakafupi, kosaposa chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Pamphepete pake panalembedwa 35. Ankakapukuta ndi kansalu ka mpango wakale wa akazi awo, atayamba akauzira mpweya wa m'kamwa. Nthawi ya dzinja kamera inkagona m'chitini cha mkaka chodzaza theka ndi mpunga wosaphika, kuti chinyezi cha kunyanja chisalowe m'galasi.

Ndinawafunsapo chifukwa chake sankagula lenzi yaikulu, ngati ya ojambula a m'tauni. Sanayankhe tsiku limodzi. Yankho linkabwera pang'onopang'ono, nthawi zina pa chakudya, nthawi zina pa njira ya kusiteshoni. Ankati munthu woyenda asanyamule chinthu chimene sichilowa m'thumba, chifukwa chinthu cholendewera pakhosi chimaitana mbala ndipo chimaumitsa nkhope za anthu usanafike n'komwe. Ankati mu bogi ya sitima ndi m'magolosale muli mdima, ndipo kalenzi kawo kankatola kuwala kochepa komweko, pamene zazikuluzo zimafuna dzuwa la masana. Anagulapo yotalika ndi kufupika, imene amati zumu, koma fumbi la ku Balaka linalowamo, kenaka nkhungu inamera mkati, ndipo anaipereka kwa ana kuti aziyatsira mapepala padzuwa.

Chifukwa chachikulu chinali nsapato. Kuno munthu akafuna chithunzi amafuna atuluke yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chithunzi chodula miyendo anthu ankachikana, ena ankachita nacho mantha. Pakati pa matandala oyanikapo nsomba, kapena pakhomo pa bogi, palibe malo obwerera m'mbuyo, ndipo kalenzi kakafupi ndi kokhako kamene kankatenga munthu yense wojambulayo ali pafupi.

"Munthu wayenda mtunda wonse kukabwereka nsapato kwa mlamu wake," ankatero, "iwe n'kumudula mapazi? Ukamuuza chiyani mlamuyo?"

Ndiye panali za moni. Ndi kalenzi kameneko sungajambule munthu mobisala. Uyenera kufika pamene dzanja lako lingafike dzanja lake. Che Amidu ankati mtunda umenewo ndi wokwanira, chifukwa ukafika pamenepo uyenera kupereka moni, ndipo munthu amene wamupatsa moni ali ndi mpata wokukana.

Sindikufuna kuwakometsa kuposa mmene analili. Anali ouma mutu, ndipo pa filimu anali ouma manja moti zinkapweteka. Kudina kulikonse kunali kwa kasitomala. M'chipinda chawo khoma lonse linali zithunzi za anthu amene sanabwere kudzatenga, alendo okhaokha, koma cha mwana wawo panalibe. Asiyatu ankanena moseka, ngakhale sikunali kuseka kokha.

"Nkhope za sitima yonse zili m'nyumba muno. Yanga yokha ndiyo imadula."

"Iwe ndimakuona tsiku lililonse," bambo ake ankayankha. "Chithunzi n'cha munthu amene akupita."

Pa ukwati wathu analolera. Koma bambo wa mkwatibwi sayendayenda ndi kamera pakati pa alendo, amakhala pampando. Choncho anapatsa kamera amalume ake a Asiyatu, atawaphunzitsa sabata yonse poima ndi podina. Amalumewo anagwira ntchito ndi mtima wonse. Anakwera pa mtondo, anagona pansi, anakalipira ana. Filimu itapita ku Zomba inabwerako yoyera. Sinakole pa kachitsulo kokokera mkati, ndipo tsiku lonse lija amalume ankadina kamera yopanda kanthu. Che Amidu anati amalumewo anatsegula kumbuyo. Amalumewo anati woika filimu anali mwini kamera. Sanalankhulane mpaka pa Idi. Asiyatu analira usiku umodzi, kenaka anati palibe kanthu, tidzajambulitsa mwana akadzabadwa.

Mdani wawo wa zaka zambiri anali a Makwinja, amene ali ndi situdiyo ku Balaka. Makamera awo anali a mtundu umodzi, anagula m'sitolo imodzi ku Limbe ali anyamata, ndipo kufanana kwawo kunathera pomwepo. A Makwinja ankajambula mpira ndi misonkhano, ndipo anali ndi lenzi yaitali ngati chitsononkho cha chimanga chabwino. Che Amidu ankaitcha mfuti. A Makwinja ankatcha kalenzi ka anzawo batani la malaya. Sitima ikafika ku Balaka, Che Amidu ankapita kusitudiyoko kukamwa tiyi ndi kukangana, ndipo ankabwerako atakhuta zonse ziwiri.

Mkangano umodzi wokha ndi umene sunali wa tiyi, ndipo ndinauona ndi maso anga. Njala itafika povuta, ine ndi apongozi tinapita ku Balaka titamva kuti kumsika wa boma kwabwera chimanga. Tinapeza mzere wozungulira mpanda. Amayi ena anagona pomwepo masiku angapo, ana ali kumsana, matumba opanda kanthu ali m'manja. Kutsidya kwa msewu, pamwamba pa lole yoima, panali a Makwinja atagwada, lenzi yawo yaitali italoza mzerewo. Bungwe lina lothandiza anthu linawatuma.

Che Amidu anatuluka pamzere, malo amene tinawavutikira, n'kuwoloka msewu.

"Makwinja! Tsika pamenepo. Amayi awa wawapatsa moni?"

"Che Amidu, bwererani pamzere, akulandani malo."

"Ndikufunsa. Uyo wa chitenje chobiriwirayo dzina lake ndani? Ukumutenga nthiti zake kupita nazo kwa azungu, dzina lake ndani?"

A Makwinja anatsitsa kamera. Sanakweze mawu.

"Sindikumudziwa. Koma ndikapita pafupi adzaphimba mwanayo ndi nsalu, adzakonza duku, adzamwetulira. Ndiye amene ali ndi chimanga akaona chithunzicho adzati ku Balaka kuli bwino. Inu zithunzi zanu za nsapato zobwereka zabweretsapo thumba lingati kuno?"

Apongozi anatembenuka. Anawolokanso msewu n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Tsiku limenelo chimanga chinatha tisanafike pa sikelo. Mu sitima yobwerera kamera sinatuluke m'thumba. Kuyambira pamenepo anasiya kupita kusitudiyo kuja.

Ntchito yawo inali itafa kale. Munthu amene akudya nyika zokumba m'dambo ndi mango aawisi owiritsa safuna chithunzi. Nsomba zinalipo pang'ono, koma wogula panalibe. Mwana wathu Mariamu anabadwa mkati mwa zimenezi. Dzinalo anasankha ndi agogo akewo, anati ndi dzina lokhalo limene kutchalitchi kwanga ndi kumzikiti kwawo angalitchule popanda wina kukwinya nkhope.

Asiyatu sanadzukenso bwino atabereka. Kuchipatala anati magazi ndi ochepa, adye zakudya zabwino. Anatipatsa mapiritsi, ndipo mapiritsiwo ankamupweteka m'mimba mopanda kanthu. Malipiro anga ankachedwa, ndipo akabwera ankagula zochepa kuposa mwezi wapitawo. Chimene tapeza, iye ankadya theka, n'kunena kuti wakhuta. Mwana ankayamwabe. Tsiku lina ndinapeza apongozi akukhuthula mpunga wa m'chitini cha kamera uja m'mbale. Unali wachikasu, wa zaka zambiri. Anaupeta okha, anausinja, ndipo unakhala phala la Asiyatu la masiku awiri. Kamera inagona m'chitini chopanda kanthu.

Amene anayamba kunena za chithunzi ndi Che Amidu. Ine ndinkaganiza za chimenecho masabata ambiri koma pakamwa panga sipankatseguka, chifukwa kunena kunali ngati kuvomera. Tinali pakhonde, Asiyatu atagona pamkeka, mwana ali pambali pake.

"Asiyatu, mawa udzavale chitenje chija cha maluwa. Ndikufuna ndikujambule ndi mwanayu."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana.

"Atati, zaka zonsezi. Lero ndiye mwaona kuti ndikupita?"

Kenaka Asiyatu anayang'ana mwana.

"Iyayi," anatero. "Sindifuna. Ndadziona m'madzi a m'beseni. Mwanayu akadzakula adzafunsa kuti amayi anali otani, inu mudzamuonetse mafupa? Bola asadzandidziwe. Mudzamuuze pakamwa kuti ndinali wokongola, adzakhulupirira."

"Sudzatuluka choncho."

"Kamera yanu sinama. Munanena nokha, kambirimbiri."

Che Amidu anapotokola kofia yawo m'manja.

"Yangayi sinama," anatero. "Ndikabwereka ya Makwinja."

Asiyatu anaseka. Kunali kuseka koyamba m'nyumbamo pa nthawi yaitali, ndipo kunamutsokomoletsa. Atapuma anati ngati atati angapite kukagwada kwa a Makwinja chifukwa cha iye, ndiye kuti avala chitenjecho, kuti aone zimenezo zisanathe.

Madzulo ake Che Amidu anandifotokozera, poti ndinkaganiza kuti amangomunyengerera. Anati kalenzi kakafupi, ukakayandikiza pankhope, kamakoka mphuno kubwera kutsogolo n'kukankhira masaya m'mbuyo, ndipo munthu woonda amaondanso kawiri. Koma ukaima patali ndi lenzi yaitali, nkhope imabwera yonse pamodzi, makutu ndi masaya ndi chibwano, ndipo imaoneka yodzaza. Ankazidziwa kuyambira kale. Ankati n'chifukwa chake andale amakonda a Makwinja.

Zimene zinachitika ku Balaka sanandiuze. Ndazimva mwezi uno, pa sadaka yawo, kwa a Makwinja eni ake, amene anabwera pa sitima ndi thumba la mpunga ngakhale kuti mpunga chaka chino ukusowa. Anati Che Amidu anafika kusitudiyo miyendo itatupa, anaima pakhomo osalowa.

"Ndinati, 'Kodi batani lija lathothoka?' Iwo anati, 'Ndabwera kudzabwereka mfuti.' Ine ndinaseka, aphunzitsi, ndinaseka kwambiri. Ndinati, 'Mukufuna kuwombera ndani, amene simunamupatse moni?' Ndiye anati, 'Mwana wanga.' Basi. Sanawonjezere."

A Makwinja anati anamasula lenziyo pa kamera yawo, anaikulunga m'thaulo, ndipo anaikamo ndi filimu yatsopano, chifukwa ankadziwa kuti mnzawoyo alibe. Che Amidu anatulutsa kalenzi kawo kuti akasiye ngati chikole. A Makwinja anakana, anati batani alibe nalo ntchito. Tiyi anamwa, koma mkangano panalibe, ndipo a Makwinja akuti tiyi ameneyo sanakome.

Anajambula m'mawa wotsatira atabwerako, dzuwa lisanakwere. Ndinamunyamula Asiyatu n'kumukhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi. Amayi ake anamudzoza mafuta m'masaya, anamumanga duku, n'kumufunditsa chitenje cha maluwa mpaka m'khosi kuti mapewa ndi mikono zibisike. Mariamu anamuika pachifuwa. Apongozi anandipatsa nsalu yoyera ya pabedi kuti ndiigwire m'munsi, kumbali, kuti kuwala kubwerere kunkhope n'kudzaza maenje a m'maso.

Kenaka anayamba kubwerera m'mbuyo. Anadutsa nkhokwe yopanda kanthu, anadutsa thandala la nsomba, mpaka anakafika pafupi ndi mpanda wa anansi. Munthu amene moyo wake wonse ankajambula ali pofika dzanja anaima kutali ngati mlendo wodikira kuti amulandire. Lenzi inkawalemera. Anachita kutsamiritsa chigongono pa mtengo wa mpanda.

"Atati, mapazi atuluka?" Asiyatu anafunsa. Anali asanavale nsapato.

"Mapazi ayi. Kuyambira pachifuwa."

"Ha! Mukundidula miyendo? Inuyo?"

"Khala chete, ukugwedeza mwana."

Anaika diso pa kamera. Ndipo mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, anakuwa kuchokera kumpanda kuja, mawu onse, ngati ali pamsika wa nsomba:

"Imani pompo!"

"Atati, ndakhala pansi!"

Asiyatu anaseka, mutu utapendekeka pang'ono, ndipo ndinamva kamera ikulira. Ndinaganiza kuti zatha, ndinayamba kupinda nsalu. Koma inaliranso. Inaliranso. Che Amidu, amene sanatayepo kudina kumodzi pa munthu wosalipira, anakoka ndi kudina, kukoka ndi kudina, osachotsa diso. Asiyatu akuyang'ana mwana. Asiyatu akuyang'ana ine. Asiyatu atatopa, maso atatseka. Anadina mpaka kachitsulo kokokera kanakana kuyenda. Atatsitsa kamera anatembenukira kumpanda, n'kukhala choncho kanthawi, akuchita ngati akupukuta galasi.

Filimu ndinapita nayo ndine, chifukwa miyendo yawo sikanathanso ulendo wina. Ndinakwera sitima mpaka ku Liwonde, kenaka minibasi ya ku Zomba. Otsuka anati magetsi azima, ndibwere mawa. Nditatenga zithunzizo ndinapeza kuti sitima yobwerera kulibe tsiku limenelo, ndipo ndinayenda ndi malole ndi miyendo. Envulopu sindinaitsegule. Ndinkafuna ayambe kuona ndi iye.

Che Amidu anandichingamira panjira, patali ndi mudzi. Nditaona kuti avala mkanjo woyera pakati pa sabata, ndinadziwa. Asiyatu anamwalira m'mawa wa tsiku lachiwiri, ine ndikudikirabe magetsi ku Zomba. Kwa Asilamu maliro sagona. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anamuika.

Tinakhala pansi m'mbali mwa njira. Sindikumbuka kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Pambuyo pake anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa envulopu ija. Anaona chimodzichimodzi, akugwira m'mphepete monga ankachitira ndi zithunzi za makasitomala. Atafika pa chija akuseka, anaima. Nkhope yake inali yodzaza, masaya akuwala, kumbuyo kwake masamba a mango atasungunuka kukhala kubiriwira kokhakokha. Anali Asiyatu amene ndinamuona koyamba akutunga madzi pa mjigo wa kusukulu. Anandipatsa chithunzicho, ndipo zinazo anabwezera mu envulopu.

Mwambo ukanandilola kubwerera kwathu kwa Nsamala maliro atatha. Abale anga anabwera kudzanditenga. Che Amidu anangoti aphunzitsi ali ndi sukulu kuno, ndipo mwana ali ndi agogo kuno, nyumba ilipo. Ndinakhala.

Lenzi ija anakabweza okha mvula itatha. A Makwinja akuti apongozi anaiika patebulo n'kunena kuti, "Mfuti yako iyi, ndi yolemera ngati mwini wake," ndipo mkangano unayambiranso pomwe unalekera. Chimanga cha thandizo chitafika kwathu, apongozi anakaima pamzere n'kulandira ngati wina aliyense. Sanavomerepo kuti a Makwinja ankanena zoona tsiku lija, ndipo a Makwinja sanawafunsepo. Anthu atakolola, kalenzi kanabwerera pa kamera, kamera inabwerera m'thumba la jekete, ndipo sitima inamvanso mawu awo. Chimene chinasintha n'chimodzi. Filimu iliyonse, kudina komaliza kunali kwa Mariamu. Ali nazo zambiri tsopano, zonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zina alibe n'komwe nsapato.

Chaka chatha mwanayo anayamba kufunsa. Anatenga chithunzi cha amayi ake pa shelefu n'kupita nacho kwa agogo ake.

"Ambuje, amayi anali onenepa chonchi?"

Ine ndinali pakhomo, ndikuchonga makope. Ndinasiya cholembera. Munthu uyu sananamizepo kasitomala, ngakhale amene anatuluka maso ali otseka.

"Anali choncho," anatero. "Ine ndinawadziwa kuyambira ali ngati iwe. Anali choncho ndithu."

Che Amidu anadwala masabata ochepa. Sanadandaule, kupatula kunena kuti njala ya chaka chino yabwera msanga iwo asanakonzeke. Kamera anasiyira Mariamu, ndipo anandiuza kuti ndisaiike m'kabati, ndiziika m'chitini, ndipo mpunga ukapezeka ndithiremo.

Dzulo ndinapita kusiteshoni kukatumiza makalata a sukulu. Sitima inafika, amayi a matemba anatsika ndi madengu awo, ndipo wina anayang'ana uku ndi uku pa pulatifomu, akukonza duku, kenaka anakumbuka n'kusenza dengu lake. Kunyumba, khoma la alendo lija lidakalipo. Amayi ake a Asiyatu akuti tisachotse, mwina eni ake adzabwera. Jekete ili pa msomali kuseri kwa chitseko, thumba lakumanja litafutukuka, lotsika kuposa linzake. Pakhonde pali mpando wawo wa chingwe, woboola pakati, ndipo palibe amene amakhalapo. Nkhuku zimakwerapo masana.

Pambali pa mpandowo ndi pamene pankakhala mkeka wa Asiyatu. M'mawa umene ndinkanyamuka ndi filimu, ndinagwada pamenepo kuti nditsanzike. Mafuta a dzulo lake anali akuwalabe m'masaya. Anagwira thumba la malaya anga, pamene panali filimuyo, ngati akufuna kutsimikiza kuti ilimo.

"Abambo a Mariamu," anatero, "chikatuluka choipa, mukachiponye mu Shire pa Liwonde. Chikatuluka chabwino, thamangani nacho, ndidzadzione."